Momwe sukulu yaukachenjede ingakonzere nyumba ndi makompyuta kuti ophunzira aulumali aziphunzira bwino

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro aukachenjede la NCHE likatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku sukulu zaukachenjede za UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, pamndandandapo pamakhala ena osaona, ena osamva, ena oyendera njinga ya olumala, ena achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'mwamba, 10.4 pa 100 aliwonse ali ndi ulumali wina wake. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo la 2024, lomwe linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA, likuteteza ufulu wawo wamaphunziro. Vuto ndi loti nyumba zambiri zophunziriramo n'zakale. Chancellor College, yomwe lero ndi UNIMA, inasamukira ku Zomba mu 1973, nthawi yomwe omanga ambiri sankaganiza zoti wina adzalowa m'kalasi ali pa njinga. Nazi njira zomwe akuluakulu a sukulu, aphunzitsi ndi atsogoleri a ophunzira angatsate, kuyambira pa zosafuna ndalama.

Choyamba: yendani nawo eniake

Musayambe ndi msonkhano wa mu ofesi. Itanani ophunzira aulumali atatu kapena anayi a ulumali wosiyanasiyana, muitanenso woyang'anira nyumba za sukulu ndi mkulu woona za ophunzira. Tengani tepi yoyezera ndi kope, kenako yendani njira yonse yomwe wophunzira amayenda patsiku: kuchoka ku hositelo kupita kodyera, m'kalasi, ku laibulale, ku chimbudzi, ku ofesi yolipira fizi. Wophunzirayo azikhala patsogolo, inu muzilemba.

Mudzaona zinthu zomwe mumazidutsa tsiku lililonse osazizindikira. Ngalande yosavundikira m'mbali mwa njira. Kachitsulo ka pansi pa chitseko, kotalika masentimita 4 okha, komwe kamakola matayala aang'ono akutsogolo a njinga. Zenera lotsegukira m'khonde pa msinkhu wa nkhope, lomwe ndodo yoyera ya munthu wosaona singalipeze chifukwa ndodoyo imafufuza pansi. Jambulani chilichonse, lembani malo ake ndi muyeso wake. Ngati pasukulupo ophunzira aulumali ndi ochepa, pemphani thandizo ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kapena ku mabungwe a eniake monga Malawi Union of the Blind, MANAD ya anthu osamva ndi APAM ya anthu achialubino.

Chachiwiri: konzani zosafuna simenti

Kalasi yomwe muli wophunzira woyendera njinga isaikidwe m'chipinda cham'mwamba. Izi zimangofuna kuti wokonza ndandanda ya makalasi adziwe semesita isanayambe, choncho fomu yolembetsera ikhale ndi funso loti munthu anene thandizo lomwe akufuna, ndipo yankho lake lifike kwa wokonza ndandandayo mwachinsinsi. Chipinda cha ku hositelo chikhale chapansi, pafupi ndi bafa. Galimoto zisaime pakamwa pa njira ya njinga. Chimbudzi cha aulumali chisasanduke mosungira zokolopera ndi zidebe, ndipo chisakhomedwe kiyi n'kukhala ndi munthu yemwe waweruka 4 koloko. Zonsezi zikhoza kutheka sabata imodzi.

Chachitatu: mangani rampu yoyenera

Rampu ndi njira yotsetsereka yokwerera njinga m'malo mwa masitepe, ndipo apa ndi pomwe ndalama zimaonongeka kwambiri. Mmisiri amangothira simenti pamwamba pa masitepe, n'kusalaza, abwana n'kunena kuti nyumba yakonzedwa. Rampu yotere ndi yoopsa kuposa masitepe omwe analipo, chifukwa wokwera akhoza kugwa chagada ndipo wotsika sangaimitse njinga.

Muyeso wodziwika ndi 1 pa 12: pa sentimita iliyonse yokwera, rampu italike masentimita 12. Sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna rampu ya mamita 1.8. Masitepe atatu, omwe ndi masentimita 45, amafuna mamita 5.4. Muyeso umenewu ndi malire chabe. Malo akalola, 1 pa 15 kapena 1 pa 20 ndi wabwino koposa, makamaka kwa munthu yemwe amapalasa yekha ndi manja. Ngati kutsogolo kwa khomo kulibe malo okwanira, rampu idutse m'mbali mwa khoma kapena ikhote n'kubwerera, koma isafupikitsidwe.

M'lifupi ikhale mamita 1.2 kapena kuposa. Ikakhala yaitali, pasadutse mamita 9 popanda malo athyathyathya opumirapo, ndipo pamwamba, kutsogolo kwa chitseko, pakhale malo athyathyathya a mamita 1.5 mbali zonse. Ambiri amaiwala malo apamwambawa, ndiye munthu amayenera kukoka chitseko uku njinga ikubwerera m'mbuyo. Ikani zogwirira mbali zonse ziwiri pa msinkhu wa masentimita pafupifupi 90, ndi kakhoma kakang'ono m'mphepete koletsa tayala kugwera kunja. Simenti yake ikhale yokhakhala. Matailosi onyezimira amaoneka bwino pa tsiku lotsegulira nyumba, koma mvula ya Januwale ikagwa amaterera ngati therere.

Masitepe nawo akonzedwe: zogwirira, magetsi owala, ndi utoto wachikasu kapena woyera m'mphepete mwa sitepe iliyonse kuti amene amaona pang'ono azisiyanitsa.

Chachinayi: zitseko, zimbudzi ndi chikepe

Chitseko chikatsegulidwa pasiyike mpata wa masentimita pafupifupi 90, ndipo chogwirira chake chikhale chokanikiza pansi, osati chozungulira chofuna kupotokola. M'chimbudzi mukhale malo a mamita 1.5 oti njinga itembenuke, mpata pambali pa mtondo, zitsulo zogwirira zomangidwa zolimba m'khoma, ndi sinki yotsika yomwe mawondo angalowe pansi pake. Chitseko cha chimbudzi chizitsegukira kunja, kuti munthu akagwa m'katimo anthu athe kumufikira.

Chikepe n'chofunika pa nyumba zosanja, koma m'dziko lomwe magetsi amathimathima musachidalire chokha. Chilumikizidwe ku jenereta, chikhale ndi pangano la ochikonza, ndipo ntchito zomwe aliyense amazifuna, monga kulembetsa, kubwereka mabuku ndi chipatala, zikhale pansi. Konzaninso momwe munthu wa pa njinga angatulukire moto utabuka, poti nthawi imeneyo chikepe sichigwiritsidwa ntchito.

Chachisanu: makompyuta ndi manotsi

Wophunzira wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomwe imamuwerengera mokweza zomwe zili pa sikirini. JAWS ndi yogula, koma NVDA ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows. Palibe chifukwa choti isapezeke pa makompyuta a mu labu ndi mu laibulale, pamodzi ndi mahedifoni. Pa foni za Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver. Kwa oona pang'ono, Windows ili kale ndi chokulitsira zilembo: dinani batani la Windows pamodzi ndi chizindikiro cha +.

Mapulogalamu owerenga mokwezawa amawerenga bwino mawu otayipidwa, koma amavutika ndi chithunzi. Mphunzitsi akajambula tsamba la buku ndi foni n'kuponya pa gulu la WhatsApp la kalasi, anzake onse alandira manotsi koma wosaona walandira chinthu chovuta kuchiwerenga. N'chimodzimodzi ndi PDF yochokera pa sikana. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani fayiloyo, yesani kusankha mawu amodzi ndi mausi. Akakana kusankhika, ndiye kuti ndi chithunzi. Idutsitseni pa pulogalamu ya OCR yomwe imasandutsa chithunzi kukhala mawu, kenako munthu awerenge n'kukonza zolakwika, makamaka manambala ndi matebulo.

Chabwino koposa ndi kupereka fayilo ya Word yomwe munatayipa. Mitu muiike pogwiritsa ntchito Heading 1 ndi Heading 2, osangokulitsa zilembo, chifukwa wosaona amalumpha kuchoka pa mutu kupita pa mutu ndi batani limodzi. Chithunzi kapena tchati iliyonse ikhale ndi chiganizo chofotokoza zomwe ikuonetsa. Ndipo m'kalasi, mawu oti "apa ndi apa mukaphatikiza mupeza ichi" alibe tanthauzo kwa munthu yemwe sakuona bolodi. Tchulani zomwe mukulemba.

Tsamba la pa intaneti lolembetserapo maphunziro ndi loonerapo zotsatira za mayeso liyeseni chonchi: chotsani mausi, yendani ndi batani la Tab ndi Enter basi. Mukakanika kufika pa batani lotumizira fomu, wosaona nayenso sangafikepo. Zikatero amapereka pasiwedi yake kwa mnzake kuti amuonere magiredi, chinthu chomwe wina aliyense sangachilole. Polemba ntchito kampani yokonza tsamba, kapena pokonza Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti ya sukulu, lembani m'pangano kuti ntchitoyo itsate miyezo ya WCAG, yothandiza kuti aulumali athe kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, ndipo wophunzira wosaona aiyese ndi NVDA ndalama yomaliza isanaperekedwe.

Braille musaitaye poganiza kuti kompyuta yalowa m'malo mwake. Masamu, sayansi ndi kalembedwe ka mawu zimamveka bwino ndi zala. Chipinda chothandizira ophunzira aulumali chikhale ndi makina otayipira Braille a Perkins, makina osindikizira Braille, mapepala ake ndi munthu wodziwa kuzigwiritsa ntchito. Koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a luso limeneli kwa zaka zambiri. Woyang'anira laibulale adziwenso za pangano la Marrakesh la 2013, lomwe Malawi inalowamo mu 2017, lomwe cholinga chake ndi kuti mabuku azitha kusinthidwa kukhala a Braille, a zilembo zazikulu kapena omvera kaamba ka anthu osaona.

Chachisanu ndi chimodzi: osamva ndi achialubino

Wophunzira wosamva amafuna womasulira chinenero chamanja wolipidwa ndi sukulu, woima pamalo owala pafupi ndi mphunzitsi. Mupatseni womasulirayo manotsi tsiku lisanafike kuti akonzekere mawu ovuta a phunzirolo. Wosamva sangayang'ane womasulira uku akulemba, choncho manotsi apatsidwe olembedwa kale. Vidiyo iliyonse ikhale ndi mawu olembedwa m'munsi, ndipo kusintha kwa chipinda kapena tsiku la mayeso kulengezedwe pa uthenga wolemba.

Ambiri mwa achialubino amaona movutikira ndipo kuwala kwambiri kumawapweteka maso. Mpando wakutsogolo, makatani pa mazenera, mapepala a zilembo za saizi 18 kupita m'mwamba, njira za mthunzi ndi magetsi achitetezo ozungulira hositelo zimawathandiza kwambiri.

Chomaliza: mayeso ndi bajeti

Pepala la mayeso likonzedwe m'njira yomwe wophunzirayo amawerengera, Braille, zilembo zazikulu kapena kompyuta, ndipo lifike nthawi imodzi ndi la anzake. Nthawi yoonjezera ilembedwe m'malamulo a sukulu kuti isadalire mtima wa woyang'anira mayeso tsiku limenelo.

Zomwe munalemba pa ulendo woyamba uja zigaweni patatu: za mwezi uno, za chaka chino, ndi zodikira nyumba ikamakonzedwa. Chilichonse chikhale ndi dzina la ofesi yochita, mtengo wake ndi tsiku lomalizira, ndipo bajeti ya chaka ikhale ndi mzere wakewake wa ntchitoyi. Pulani ya nyumba yatsopano isavomerezedwe wophunzira kapena wogwira ntchito waulumali asanaione, chifukwa kusuntha khomo papepala n'kotchipa kuposa kugumula khoma. Semesita ikatha, yendaninso njira yomweyo ndi ophunzira omwewo, tepi ili m'manja, muchonge zomwe zakonzedwa ndi kulemba zatsopano zomwe zapezeka.