Vanda ikakana maluwa, yambani mwayang'ana mizu ndi dzuwa

Mayi wina wa kudera langa anandiitana kuti ndikaone vanda yake, imene inali itatha zaka zitatu osatulutsa duwa ngakhale limodzi. Ndinaipeza ili mumphika wadothi, yokwiriridwa ndi dothi lakudimba losakaniza ndi manyowa a nkhuku, itaikidwa pakona ya khonde pomwe dzuwa silifika. Masamba anali obiriwira kwambiri, okongola ndithu, ndipo mayiyo ankanyadira zimenezo. Titaizula, mizu yambiri inali itafewa, yabulauni, ikununkha ngati chinangwa chovunda. Chisamaliro chinalipo chochuluka, koma chinali chisamaliro choyenera tomato.

Vanda ndi mtundu wa maluwa a orchid. Kwathu kuno tili nawo abale ake ambiri: ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200, ndipo chikande kapena chinaka chimene ena timadya chimachokera ku timizu ta ma orchid omera pansi. Koma vanda si yapansi. Kwawo ndi ku Asia, kuchokera ku India, Myanmar ndi Thailand mpaka ku Philippines, kumene imamatirira pa nthambi za mitengo, mizu ili lende mumphepo. Siyamwa madzi a mtengo monga imachitira sangazinje. Mtengowo ndi pokhala chabe. Mvula ikagwa mizu imamwa, mphepo ikawomba imauma. Mukamvetsa zimenezi, zina zonse zimatsatira.

Muzu wa vanda ndi wonenepa ngati pensulo, ndipo kunja kwake kuli chikhungu choyera chimene chimayamwa madzi ngati siponji. Ukakhala wouma umaoneka woyera motuwa. Mukauthira madzi, khalani pomwepo muone: pakangopita mphindi zochepa umasanduka wobiriwira. Kubiriwira kumeneko ndiye chizindikiro choti wakhuta. Ngati pali mbali zotsala zoyera, dikirani pang'ono muthirenso. Nsonga ya muzu wamoyo imakhala yobiriwira kapena yofiirira ndi yowala. Mukaiona, dziwani kuti mbewu ikukula. Musadule mizu chifukwa yatalika kapena ikuoneka yosalongosoka. Vanda ilibe chotupa chosungira madzi monga ma orchid ena, choncho nkhokwe yake ndi mizu ndi masamba basi.

Ndiye ichotseni m'dothi. Ipachikeni m'kadengu ka timatabwa kokhala ndi mipata, kapena muimangirire pa waya, mizu izilendewera. Ngati kwanu kumauma kwambiri, mukhoza kuika zidutswa zikuluzikulu za makala m'kadengumo, koma osadzaza. Mizu yakale ikakhala yolimba, yambani mwainyika m'madzi kwa mphindi 15 kapena 20 kuti ifewe, isathyoke posamutsa.

Tsopano dzuwa, pakuti apa ndi pamene ambiri amaphonya. Vanda imafuna kuwala kochuluka kuposa ma orchid ambiri ogulitsidwa m'timiphika. Masamba obiriwira modera, ofewa, otalikirana pa tsinde, akukuuzani kuti kuwala kwachepa, ndipo maluwa simudzawaona. Tsamba la vanda yokhutira ndi kuwala limakhala lobiriwira mowala, lolimba. Onaninso mtundu wa masamba. Za masamba ozungulira ngati pensulo, monga Miss Joaquim, duwa lomwe dziko la Singapore linasankha kukhala duwa la fuko mu 1981, zimapirira dzuwa la tsiku lonse. Za masamba aphanthiphanthi ngati lamba, zomwe ndi zambiri mwa zimene mungagule, zimafuna dzuwa lam'mawa mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako mthunzi wopepuka. Neti yotchinga pafupifupi theka la dzuwa imathandiza, kapena mtengo wa masamba apatalipatali. Pansi pa mango ayi, mdima wake ndi wochuluka. Kumbukiraninso kuti kuno dzuwa limapendekera kumpoto m'miyezi ya June ndi July, choncho khonde loyang'ana kum'mwera limakhala lamdima nthawi imeneyo.

Chenjezo limodzi: musaitulutse mumthunzi n'kuiika padzuwa tsiku lomwelo. Masamba amapsa, amachita zigamba zoyera zomwe kenako zimada, ndipo tsamba lopsa silichira. Isuntheni pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu. Gwirani tsamba masana. Likatentha m'manja mwanu, onjezani mthunzi.

Kuthirira ndi kwa m'mawa. Nyengo yotentha, makamaka September mpaka mvula itayamba, thirirani tsiku lililonse, ndipo masiku a October otentha kwambiri mubwerezenso masana. Kuthira madzi pansi pomwe yapachikidwa kumawonjezera chinyezi. Madzulo musathirire, chifukwa madzi ogona pamwamba pakati pa masamba atsopano amaoletsa nsonga, ndipo vanda imakulira kumtunda ndi nsonga imodzi yokhayo. Madzi amvula ndiwo abwino. Ngati mjigo wanu uli ndi madzi amchere, mudzaona nsonga za mizu zikuda. Sungani amvula m'mgolo.

Popeza mizu ili pamtetete, chakudya chonse chimachokera kwa inu. Gwiritsani ntchito feteleza wosungunuka m'madzi, monga wa 20-20-20, theka la supuni yatiyi m'malita 5, kamodzi pa mlungu nthawi yofunda. Yambani mwanyowetsa mizu ndi madzi okha, feteleza pambuyo. Mlungu wachinayi uliwonse tsukani ndi madzi okha kuti mchere wa feteleza uchoke. Chonde, wa chimanga uja, Urea, musamwaze m'kadengu. Amawotcha mizu, ndipo nayitrojeni wochuluka amangobweretsa masamba.

Za kuzizira, anzathu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi mwayi, pakuti kutentha ndi chinyezi cha kunyanja n'zimene vanda imakonda. Inu a ku Dedza, Mzuzu ndi kumapiri a Thyolo samalani. Usiku kukazizira kutsika pa madigiri 13, ilowetseni m'nyumba kapena muitchinge ku mphepo, ndipo masiku a chiperoni chepetsani madzi ndi feteleza. Kumalo ozizira sankhani za mtundu wa Vanda coerulea, ya maluwa abuluu, yochokera kumapiri a kumpoto chakum'mawa kwa India, Myanmar ndi Thailand. Iyo ndi ana ake zimapirira kuzizira kuposa Vanda sanderiana ya ku chilumba cha Mindanao ku Philippines, yomwe imafuna kufunda chaka chonse.

Zonse zikakhala bwino, yang'anani m'khwapa mwa masamba, pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Kamphukira ka maluwa kamatulukira pamenepo n'kuloza kumwamba, pamene muzu umatulukira cham'munsi n'kuloza kunja kapena pansi. Mukakaona musatembenuze mbewu, kuti phesi lisapindike pofunafuna kuwala, ndipo musaiphonyetse madzi, apo ayi timaluwa timayoyoka tisanamasule. Chenjerani ndi tizilombo ting'onoting'ono totchedwa thrips timene timaboola timaluwa, komanso kodikodi wobisala m'khwapa mwa masamba. Ameneyu mupukuteni ndi thonje lonyika mu spiriti. Maluwa amakhala mwezi kapena kupitirira, ndipo vanda yokhwima yosamalidwa bwino imatha kumasula kawiri kapena katatu pachaka. Akafota, dulani phesi pafupi ndi tsinde ndi mpeni woti mwayamba mwauwotcha pamoto, kuti musasamutse matenda.

Ya mayi uja tinaidula tsinde pansi pa mizu itatu yamoyo imene inatsala kumtunda, n'kuipachika pa waya kum'mawa kwa nyumba. Mizu yatsopano inayamba kutuluka mvula itagwa, ndipo phesi loyamba linabwera chaka chotsatira. Yanu ikakhala kuti inaola chomwecho, ipatseni nyengo yathunthu yomera mizu musanayembekezere duwa.