Kusankha buku pa mulu wa mavenda, komanso kuti ulimalize

Mukafika pomwe mavenda ayala mabuku akale pansi, kaya ndi ku Limbe kaya ku Lilongwe, chinthu choyamba kukukokani maso ndi kava basi, ndipo musachite nazo manyazi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu uja atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anatola buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale ka pa pulayimale kaamba koti pachikuto panali makina amphepo, Chingerezi chinkamuvuta koma chithunzicho chinamugwira mpaka anapanga makina ake oyatsa magetsi pakhomo pa makolo ake. Ndiye diso likakodwa, werama utole.

Makava ena amakuuziranitu za mkatimo. Mukaona buku la kava ya mtundu wa olenji lolembedwa African Writers Series, lija la Heinemann lomwe anayamba kutulutsa mu 1962, tolani kaye musanaganize kawiri, nambala 1 yake inali Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ndipo ndakatulo za Jack Mapanje za Of Chameleons and Gods zinatulukanso momwemo mu 1981. Ma Pacesetters a Macmillan aja, okhala ndi zithunzi zowala ngati positala ya filimu, ndi aafupi komanso nkhani yake imathamanga, abwino kwa munthu amene anasiya kuwerenga tsiku lomwe analemba MSCE.

Koma kava imangokuitanani, musalipire kaye. Tembenuzani muwerenge mawu a kuseri, kenako peji yoyamba yonse muli chiimire pomwepo, kenako tsegulani paliponse pakati muwerenge ndime imodzi. Ngati maganizo athawira ku ndiwo za madzulo, libwezeni pansi. Ndiye chofunika kwambiri, chomwe ine ndinaphunzira mowawa: onani kumapeto! Ndinagulapo novelo yokongola kunja ngati yatsopano, ndawerenga masiku atatu osagona bwino, ndikufika poti wakuphayo aululike ndipeza mapeji omaliza kulibe, mwina wina anakulungira mandasi kaya. Osawerenga mathero ake ayi, ingoonani kuti manambala akutsatana mpaka pomaliza, ligwedezeninso pang'ono muone ngati mapepala sakugwa, ndipo yang'anani ngati chiswe kapena madzi sizinalowemo.

Ponenerera mtengo musaonetse mano. Venda akaona kuti mwalikonda, mtengo umakwera pompo, bola kutola awiri atatu n'kufunsa kuti "onsewa mundipanga bwanji achimwene?"

Mabuku a Chichewa nthawi zambiri makava ake sakopa, zoona zake, ena ndi kachithunzi kojambula pamanja ndi dzina basi. Pamenepa diso lisakunamizeni. Mukapeza Nthondo la Samuel Ntara la mu 1933 kapena Sikusinja ndi Gwenembe la Gwengwe musalisiye, sapezekapezeka amenewo. Ndalama ikavuta pitani ku National Library mukalembetse n'kumabwereka.

Kugula n'kosavuta, vuto ndi kumaliza. Likutireni ndi kalendala yakale ngati tinkachitira makope ku pulayimale (inde kava yokongola ija ibisika, koma ikhalitsa) ndipo lizikhala m'chikwama, osati pa shelefu. Nthawi ilipo yambiri yomwe timangoitaya, mu minibasi mukudikira kuti idzaze kondakitala akungokuwa kuti watsala mmodzi, pamzere ku banki, madzulo bando ikatha. Mapeji khumi patsiku akwana, musadzipatse chintchito. Foni ikhale m'thumba lina chifukwa meseji imodzi ya WhatsApp imadya ola lonse.

Likakanika kukugwirani pofika peji 50, sinthanani ndi mnzanu, si mayeso awa. Koma lembanitu dzina lanu mkati mwa chikuto musanabwereketse, langa la Achebe lili kwa msuweni wanga chaka chachitatu tsopano, ndikamufunsa amangoti akadawerenga.