Momwe Mungasankhire ndi Kuonera Mafilimu Oopsa a Alendo Ogwa M'mavuto Kunja

Pakati pa mafilimu ochititsa mantha pali gulu lina limene nkhani zake zimayamba ndi chisangalalo: achinyamata kapena banja anyamuka kupita kutchuthi kudziko lachilendo, zikwama zili kumsana, kenako zinthu zimasokonekera ali kutali ndi aliyense amene akanawathandiza. Mafilimuwa amagwira mtima chifukwa mlendo sadziwa chinenero, sadziwa njira, ndiponso sadziwa amene angamukhulupirire. Komabe si onse ofanana, ndipo munthu wosankha mwachisawawa amatha kuonera nkhanza zimene sanazifune n'komwe.

Choyamba, dziwani mtundu wa mantha umene mukufuna, chifukwa apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Pali mafilimu amene zoopsa zake zimachokera kwa anthu ankhanza, ndipo magazi amaonekera poyera. Hostel, imene Eli Roth anatulutsa mu 2005, ndi ya alendo amene amakopeka kupita ku Slovakia n'kugwa m'manja mwa gulu limene anthu olemera amalilipira kuti azunze anzawo, pomwe Turistas ya 2006 ndi ya alendo ogwidwa ku Brazil kuti achotsedwe ziwalo. Ngati simupirira kuona mabala, gulu limeneli lisiyeni. Mafilimu ena mdani wake ndi chilengedwe: mu Open Water ya 2003, mwamuna ndi mkazi wake amaiwalidwa ndi boti pakati pa nyanja yodzaza shaki, ndipo mu The Ruins ya 2008 alendo amatsekerezedwa pamabwinja akale ku Mexico pamene pali zomera zodya anthu.

Gulu lachitatu ndi limene ndimaliona kuti lili ndi nzeru zakuya kuposa enawo, chifukwa mlendo sakokedwa ndi chingwe ayi, amalowa yekha m'mavuto poopa kukhumudwitsa omulandira. Mu Speak No Evil, filimu ya ku Denmark ya 2022, banja lina limadziwana ndi banja la ku Netherlands patchuthi ku Italy, kenako limavomera kukacheza kwawo. Zizindikiro zoti zinthu sizili bwino zimachuluka, koma alendowo amangomwetulira ndi kupepesa, ndipo woonera amavutika mumtima chifukwa akudziwa kuti naye akanatha kukhala chete chimodzimodzi. Midsommar ya Ari Aster, ya 2019, ya alendo opita kuchikondwerero cha m'mudzi wina ku Sweden, imayenda m'njira yofananayo, ndipo zoopsa zake zambiri zimachitika dzuwa likuswa mtengo.

Chachiwiri, onani msinkhu wovomerezeka musanayambe. Bungwe la BBFC, lounika mafilimu ku Britain, limaika zizindikiro monga 15 ndi 18, ndipo limafotokoza pa intaneti chifukwa chake, kaya ndi nkhanza, zolaula kapena mawu otukwana. Ku America chizindikiro cha R chimatanthauza kuti wosakwana zaka 17 aonere pamodzi ndi kholo kapena womuyang'anira. Mafilimu ambiri amtunduwu si a ana, choncho musawaike pamene ana ali pafupi.

Chachitatu, konzani malo oonerera. Zimitsani magetsi, ikani foni kutali, ndipo ngati n'kotheka gwiritsani ntchito mahedifoni, popeza mantha ambiri amabisika m'phokoso laling'ono lakumbuyo. Sankhani filimu ya m'chinenero chake choyambirira yokhala ndi mawu olembedwa m'munsi, osati imene mawu a osewera analowetsedwa m'malo ndi ena. Opanga mafilimu ena amasiya dala zolankhula za eni dziko zosamasuliridwa kuti inunso musokonezeke ngati mlendoyo, ndipo mukaona zimenezi musaganize kuti filimuyo yawonongeka.

Chachinayi, pamene mukuonera, tcherani khutu ndi maso pa theka loyamba la ola, limene ena amaliona ngati lotopetsa. Apa m'pamene wolemba nkhani amachotsera alendo chitetezo chawo pang'onopang'ono: pasipoti yatayika kapena yasungidwa ndi munthu wina, foni yasiya kugwira, galimoto yafa, ndipo palibe wachibale amene akudziwa kumene apita. Mu Wolf Creek ya 2005, galimoto ya alendo atatu imakana kulira kuchipululu cha Australia, ndipo munthu amene amabwera kudzawathandiza, wanthabwala ndi wooneka wachifundo, ndiye chigawenga. Yesani kupeza nthawi yomaliza imene alendowo akanatha kubwerera. Mukaizindikira, mudzatha kusiyanitsa filimu yolembedwa mwaluso, imene zosankha za alendo zimakhala zomveka, ndi filimu yaulesi imene imangowapusitsa kuti nkhani ipitirire.

Chachisanu, ndipo ichi ndimachiona kukhala chofunika kwambiri, musasakanize dziko la m'filimu ndi dziko lenileni. Hostel inajambulidwa ku Czech Republic, osati ku Slovakia, ndipo akuluakulu a ku Slovakia anadandaula kuti ikuipitsa mbiri ya dziko lawo. Turistas nayo inakwiyitsa anthu ambiri ku Brazil. Midsommar inajambulidwa ku Hungary, ndipo ngakhale kuti anthu a ku Sweden amachitadi chikondwerero cha pakati pa chilimwe mu June, miyambo yakupha ya m'filimuyo ndi yopeka. Mabwinja a mu The Ruins anajambulidwa ku Australia. Madandaulo a ku Slovakia ndi ku Brazil ndi omveka, chifukwa mafilimu ambiri otere amapatsa mlendo dzina, mbiri ndi maloto, koma eni dziko amaonetsedwa ngati khamu lokayikitsa lopanda nkhope. Dzifunseni kuti nkhaniyo ikusimbidwa ndi maso a ndani.

Chomaliza, mukaona mawu akuti filimu yachokera pa nkhani yoona, fufuzani mukamaliza kuonera. Wolf Creek inatengerako pang'ono milandu yeniyeni, kuphatikizapo wa Ivan Milat amene anapezeka wolakwa mu 1996 pakupha alendo asanu ndi awiri m'chigawo cha New South Wales ku Australia, koma chigawenga cha m'filimuyo ndi chopeka. Open Water inachokera pa nkhani ya banja la ku America limene linasiyidwa ndi boti ku Great Barrier Reef, m'nyanja ya kugombe la Australia, mu 1998. Matupi awo sanapezeke, choncho zonse zimene filimuyo imaonetsa boti litachoka, kuyambira zokambirana za awiriwo mpaka mapeto awo, anaziganiza okha olemba nkhaniyo.