Kukonza zolakwika za mitundu pa bolodi la chesi mu Java

Bolodi la chesi lili ndi timabokosi 64, ndipo mu Java, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ambiri amalisunga mu array (mndandanda wa malo osungiramo zinthu) ya mizere 8 yokhala ndi malo 8 uliwonse. Mavuto a mitundu ya zinthu (ma type, osati kuyera kapena kuda) amayamba pamene array imeneyi yalembedwa ngati Object[][]. Mukafuna kudziwa ngati kachidutswa kali koyera kapena kakuda polemba board[0][0].getColor(), compiler, pulogalamu imene imamasulira code yanu, imakana ndi uthenga wakuti "cannot find symbol", chifukwa class (mtundu wa chinthu) ya Object ilibe method (ntchito yoitanidwa ndi dzina) yotero. Kukakamiza ndi cast, kumene ndi kuuza compiler mtundu wa chinthucho, sikuthetsa vutolo, kumangolisunthira kutsogolo: mukanena kuti kachidutswako ndi Rook pomwe ndi Knight, masewera amaima ndi ClassCastException.

Njira yabwino ndi kupanga abstract class (class yongokhala maziko a ma class ena) yotchedwa Piece, n'kuchititsa kuti King, Queen, Rook, Bishop, Knight ndi Pawn zichokere kwa iyo, kenako n'kulemba Piece[][] board = new Piece[8][8]. Kayendedwe mukatchule ngati abstract method ya Piece (method yongotchulidwa dzina, imene class iliyonse yochokera kwa Piece imadzilembera yokha), kuti kachidutswa kalikonse kaziyankha kokha za mayendedwe ake.

Pali msampha wina umene compiler siuona n'komwe. Java imalola kuti mulembe board[1] = new Pawn[8], poganiza kuti mzere wachiwiriwo ndi wa ma pawn okhaokha. Pulogalamu imayamba bwinobwino. Koma pawn ikangochoka pa e2, kabokosi ka mu mzere wachiwiriwo, bishop n'kusamukira pamalopo kuchokera pa f1, mumalandira ArrayStoreException, chifukwa mzerewo umakumbukira kuti unapangidwa ngati Pawn[] ndipo sulandira china chilichonse. Vuto limeneli ndi lovuta kulipeza popeza limaonekera pakati pa masewera, kutali ndi mzere wa code umene unalakwika. Choncho mzere uliwonse wa bolodi muupange ndi new Piece[8], ngakhale zoyamba kukhalamo zili za mtundu umodzi.

Kumbukiraninso kuti array yatsopano imakhala ndi null (kutanthauza kuti palibe kanthu) paliponse, ndipo ngakhale mutaika tizidutswa tonse 32, timabokosi 32 tapakati timakhalabe topanda kanthu. Musanaitane method iliyonse, yambani mwaona ngati malowo si null, apo ayi mukumana ndi NullPointerException.

Nthawi zina mtundu weniweni umafunikadi, monga pa castling, pamene king ndi rook zimasuntha nthawi imodzi. Pamenepo gwiritsani ntchito instanceof, imene imaona ngati chinthu ndi cha mtundu umene mwatchula, ndipo kuyambira pa Java 16, yomwe inatuluka mu 2021, mungalembe if (p instanceof Rook r), pamene p ndi kachidutswako, popanda kuwonjezera cast. Mawu amenewa amapereka false ngati p ndi null, motero bokosi lopanda kanthu silisokoneza chilichonse.