Mmene ndimasiyanitsira "asanu" ndi "wachisanu" ndi mbatata za kachewere

Mdzukulu wanga ataphunzira kusukulu kuti pa manambala achiroma V ndi 5, anaona dzina la Inkosi ya Makosi Gomani V papepala n'kundifunsa kuti, "Agogo, ma Gomani asanuwo amakhala nyumba imodzi?" Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mfumu ndi imodzi, koma ndi yachisanu pamndandanda wa a Gomani.

Mwana akasokonezeka chonchi musathamangire kope. Kuno ku Lizulu kachewere sasowa, ndiye tengani mbatata zisanu muziyale pamphasa mumzere. Mufunseni, "Zilipo zingati?" Akati zisanu, zisakanizeni, mufunsenso. Zikadali zisanu. Awa ndi manambala owerengera: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Alibe nazo ntchito zoti ili patsogolo ndi iti.

Kenaka lozani yapakati: "Nanga iyi ndi yachingati?" Yachitatu. Inyamuleni muyiike kutsogolo. Mbatata ndi yomweyo, ndi dothi lake lomwe, koma tsopano ndi yoyamba. Apa ndimachedwapo dala, ndimasuntha mbatata imodziyo mpaka mwana aone yekha kuti dzina likusintha chifukwa cha malo.

Chizindikiro cha manambala osonyeza malowa ndi kachidutswa ka "chi": mwana wachiwiri, chaka chachitatu, khomo lachinayi. Poyambira pokha ndi pamene pamapusitsa. Sitinena kuti "wachimodzi", timati woyamba. Masiku a sabata amathandiza kwambiri, chifukwa mwana amawadziwa kale osazindikira. Tikayambira Lolemba, lotsatira ndi tsiku lachiwiri, n'chifukwa chake timati Lachiwiri, mpaka kukafika Lachisanu. Ndi paja timafunsana kuti, "Lero ndi lachingati?"

Kupitirira pa 5 mawu amatalika: yachisanu ndi chimodzi, yachisanu ndi chiwiri. Anyamata a pamsika amangoti nambala sikisi, ndipo ine sindiwaimba mlandu, koma wanga ndimafuna adziwe zonse ziwiri.

Pomaliza muyeseni ndi kawiri ndi kachiwiri, pomwe ngakhale akulu amapunthwa. Kumwa mankhwala kawiri patsiku ndi kuwerenga maulendo. Kumwa kachiwiri ndi ulendo wotsatira woyamba uja. Ine ndimamuuza adumphe katatu, kenaka ndimufunse kuti anatsetsereka podumpha kachingati. Akayankha bwino, mbatata zija timakazinga.