Alimi a kudimba, mphuno isakunamizeni popopera mankhwala

Alimi anzanga a ku Lunzu, Chileka, Mpemba ndi inu olima m'mbali mwa mitsinje ya m'tauni muno, pali mawu amene amandidetsa nkhawa ndikamayenda m'madimba: "Ife tinazolowera, fungo lake sitilimvanso." Amene amalankhula chonchi nthawi zambiri amakhala atabereka mpope kumsana, malaya atanyowa, ali chosavala nsapato.

Mkati mwa mphuno muli timaselo tokhala ndi malo olandirira fungo, omwe madokotala amati ma receptor. Kanthu kochokera mumpweya kakakhudza malowa, uthenga umapita ku ubongo ndipo mumadziwa kuti pano pali mankhwala. Koma fungo lomwelo likakhalitsa, timaseloti timachepetsa kutumiza uthenga. Choncho mukaona kuti simukumvanso fungo, mankhwala sanathe mumpweya ayi. Akulowabe m'mapapo ndi pakhungu, chenjezo lokha ndi lomwe lasiya.

Tsono akalowa amakachita chiyani? Kuti mkono upindike, mtima ugunde moyenera, kapena malovu atuluke, mtsempha wotumiza uthenga umatulutsa kamadzi kotchedwa acetylcholine. Kamadzika kamadumpha kampata kakang'ono n'kukamatirira pa receptor ya mnofu kapena chiwalo china. Kali ngati mthenga wogogoda pakhomo: akapereka uthenga ayenera kuchoka kuti pakhomo pakhale bata. Ntchito yomuchotsa ndi ya chinthu china chotchedwa acetylcholinesterase, chomwe chimaphwanya kamadzi kaja mofulumira kwambiri, sekondi isanathe.

Mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate ndi chlorpyrifos, komanso pirimiphos-methyl wa mu Actellic wothira m'chimanga, amamanga wochotsa mthengayu. Tameki wa makoswe wogulitsidwa m'timapepala uja nayenso amagwira pamalo pomwepo. Acetylcholine amaunjikana, ma receptor amangolandira uthenga osalekeza. Nsabwe za pa mpiru ndi anankafumbwe zimafa mwa njira imeneyi, ndipo thupi lanu lili ndi dongosolo lomwelo. 

N'chifukwa chake zizindikiro zake ndi za thupi lomwe likulephera kuima: thukuta losaneneka, dovu kuchucha, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera yokha, mwana wa diso kuchepa ngati kansonga ka singano. Choopsa kwambiri chili m'chifuwa, momwe madzi amadzadza njira za mpweya pomwe minofu yopumira ikufooka. Mutu ukamawawa ndi chizungulire madzulo a tsiku lopopera, musafulumire kunena kuti ndi dzuwa kapena malungo.

Mankhwalawa amadutsa pakhungu ngakhale palibe bala. Nthawi yoopsa kuposa zonse ndi yosungunula, pamene akadali okhathamira m'botolo. Valani magolovesi a labala, majombo, malaya aatali manja ndi chotchinga pakamwa ndi pamphuno musanatsegule chitsekerero. Takasani ndi kamtengo, osati ndi dzanja. Kamwa ya mpope ikatsekeka musaiuzire ndi pakamwa, itsukeni ndi madzi. Mpope wodontha kumsana ukonzedwe kaye. Poperani m'mawa kapena madzulo mphepo ili kumbuyo kwanu, ndipo fodya, chakudya ndi madzi akumwa zidikire mpaka mutasamba ndi sopo. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha, zisasakanikirane ndi za ana.

Gulani mankhwala okhala m'botolo lake lenileni, lolembedwa, kwa wogulitsa wovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board. Mzere wofiira m'munsi mwa pepala lomatidwa pa botolo ukutanthauza kuti ndi oopsa kwambiri. Othiridwa m'botolo la zakumwa akaneni, chifukwa mwana akaliona amayesa ndi chakumwa. Werenganinso masiku oyenera kudikira musanathyole. Tomato wopoperedwa dzulo n'kupita naye ku msika wa Limbe kapena Ndirande lero, amene akamudye ndi mwana wa mnzanu.

Wina akapezeka ndi zizindikiro zija, muchotseni m'mundamo, mumuvule zovala zonyowa, mumusambitse ndi madzi ambiri ndi sopo, inu mutateteza manja anu. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere, ndipo musamusanzitse, popeza masanzi angalowe m'mapapo. Mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya Mlambe ku Lunzu kaya ku Gulupu. Kumeneko amabaya atropine, mankhwala amene amakakhala pa ena mwa ma receptor aja n'kutchinga acetylcholine kuti chifuwa chiume, munthu apume. Botolo la mankhwala aja litengeni, adokotala akawerenge dzina lake, chifukwa si mankhwala onse opopera amene amagwira ntchito mwa njira imeneyi ndipo chithandizo chake chimasiyana.