Linki yanu izionekera bwino pa WhatsApp

Eni malo ogona alendo ndi ogulitsa ziboliboli muno mu Zomba, ikani batani logawira linki pa WhatsApp pansi pa nkhani iliyonse pa webusaiti yanu. Anthu ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiye linki akailandira satha kuitsegula. Amangoona kachithunzi ndi mutu basi. Choncho mtengo ndi malo, kaya ndi ku Chinamwali kaya kuphiri, zilembedwe m'mutu momwemo. Uzani amene anakukonzerani webusaitiyo aike ma tag a Open Graph, timizere ta kodi timene timauza WhatsApp chithunzi ndi mutu zoti ionetse pa linkiyo. Chithunzi chikhale cha ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 1200 m'litali ndi 630 m'lifupi koma chopepuka, chifukwa cholemera nthawi zina sichituluka n'komwe. Musanagawire anthu, yambani mwadzitumizira nokha linkiyo pa foni, muone ngati mtengowo ukuwerengeka.